Zimene Matope a Pansi pa Nyanja Akutiuza

Nkhani yokambidwa ku Senga Bay, m'boma la Salima

Ndikudziwa kuti ena mwachezera panyanja ndi nyali usiku wonse, tulo tili m'maso, choncho sindikusungani mpaka dzuwa kupendeka.

Ndabwera kudzakamba za matope. Musaseke. Sindikunena matope a kudambo oumbira njerwa ayi, koma a pansi penipeni pa nyanja, kumene ukonde wa chilimira sufika. M'matope amenewo muli tizigoba ta tamoyo ting'onoting'ono timene tinafa kalekale. Akatswiri aphunzira kuwerenga tizigobato, ndipo timawauza mmene dziko linkatenthera, mmene mvula inkagwera, ndi mmene mpweya wa kaboni unkachulukira kapena kuchepera, kale munthu asanadziwe kulemba.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, matope amasunga bwanji mbiri. Yachiwiri, kutentha kwakukulu kumene kunachitika zaka 56 miliyoni zapitazo. Yachitatu, zimene zinapezeka pansi pa nyanja yathu ino. Yachinayi, zimenezi zikutikhudza pati ife a ku Salima. Koma mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: nyengo inasinthapo kale, inde, koma amenewa si mawu otonthoza.

Mfundo yoyamba: matope amasunga bwanji mbiri?

Aliyense pano akulidziwa dzala. Kuseri kwa nyumba kuli potayira phulusa, minga ya nsomba ndi mapale a miphika yosweka. Zotayidwa chaka chatha zili pamwamba, zimene anataya agogo zili pansi. Munthu atakumba dzala lakale mosamala, osasakaniza, akhoza kukuuzani kuti banja ili linkadya chambo, kenako kunagwa njala, kenako zinthu zinabwereranso. Pansi pa nyanja ndi dzala lotero, kungoti kulibe nkhuku yopalasa.

Ndikati kulibe nkhuku yopalasa ndikutanthauza izi. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpotoko, koma mukatsika kupitirira mamita 200 kapena 250, m'madzimo mulibe mpweya wopuma. Kulibe nsomba, kulibe nkhono, kulibe nyongolotsi zovundula matope. Chimene chagwa chimagona pomwepo. Nthawi ya mwera mphepo imatakasa madzi, chakudya cha m'munsi chimakwera, ndipo ndere zing'onozing'ono zotchedwa madayatomu zimaswana kwambiri. Nderezi zili ndi tizigoba tonga galasi, ndipo zikafa zimamira n'kuyala kamzere koyera. Dzinja likafika mitsinje imasanza dothi, monga mumaonera Linthipe akafiiritsa nyanja mu Januwale, ndipo pamwamba pa koyera kaja pamagona kamzere kakuda. Koyera ndi kakuda, ndiye chaka chimodzi. Kumpoto kwa nyanjayi kuli malo amene mizere imeneyi imawerengeka ndithu, chaka ndi chaka.

M'nyanja zikuluzikulu zamchere muli tizilombo tina totchedwa foraminifera. Kukula kwake n'kofanana ndi kambewu ka mchenga, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha laimu ndi zinthu zimene kamatapa m'madzi. Apa ndiye pagona nkhani. Okosijeni ali mitundu iwiri imene akatswiri amayeza, wopepuka wa nambala 16 ndi wolemererapo wa nambala 18. Madzi akakhala ozizira, chigoba chimatenga wolemera wochulukirapo, akakhala ofunda chimatenga wochepa. Kachilomboko kakafa, chigoba chimasunga muyeso womwewo. Amene anayamba kuganiza zoti kutentha kwakale kungayezedwe motere ndi Harold Urey m'chaka cha 1947, ndipo Cesare Emiliani, amene ankagwira naye ntchito, anasonyeza mu 1955 kuti tizigoba ta pansi pa nyanja tasunga mbiri ya nyengo zozizira ndi zofunda zambirimbiri zosinthanasinthana.

Kaboni nayenso ali pawiri, wopepuka wa 12 ndi wolemera wa 13. Zomera zimakonda wopepuka. Choncho chilichonse chochokera ku zomera zakufa, kaya ndi malasha, kaya ndi mafuta a pansi pa nthaka, kaya ndi mpweya wa methane, chimakhala ndi kaboni wopepuka wambiri. Mukaona tizigoba ta nthawi ina tadzaza mwadzidzidzi ndi kaboni wopepuka, dziwani kuti panthawiyo kaboni wochuluka anatuluka kumene anabisala n'kulowa mumlengalenga ndi m'nyanja.

Ntchito yake si yothamangira. Munthu amatsuka matope pa sefa, n'kuumitsa zotsalazo, n'kukhala pa maikulosikopu ndi kaburashi konyowa, kumatola kachigoba kamodzikamodzi, kusiya kosweka ndi kodetsedwa. Tsiku lonse akhoza kutola tongokwana pansonga ya sipuni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mwambiwu sufuna womasulira.

Mfundo yachiwiri: kutentha kwa zaka 56 miliyoni zapitazo.

Panthawi imeneyo nyanja yathuyi kunalibe, munthu kunalibe. M'chaka cha 1991 akatswiri awiri, James Kennett ndi Lowell Stott, analengeza zimene anapeza m'matope okumbidwa pansi pa nyanja yamchere kufupi ndi Antarctica, dziko la madzi oundana la kummwera kwenikweni. Potsatira tizigoba kuchokera pansi kukwera m'mwamba, anafika pamalo pamene zinthu ziwiri zinasintha nthawi imodzi. Okosijeni anasonyeza kuti madzi anafunda mwadzidzidzi, ndipo kaboni anasanduka wopepuka mwadzidzidzi. Pamalo omwewo mitundu yambiri ya foraminifera zokhala pansi pa nyanja inazimirira, osaonekanso. Anzawo atakafufuza m'nyanja zina ndi m'miyala ya pamtunda, anapeza chizindikiro chomwecho ponseponse. Nthawi imeneyi amaitcha mwachidule PETM. Dziko lonse linafunda ndi madigiri 5 kapena kuposerapo, ndipo mitundu ya foraminifera za pansi imene inatheratu inali pakati pa 30 ndi 50 pa 100 iliyonse.

Umboni woona ndi maso unapezeka kufupi ndi Afirika wathu yemweyu. Mu 2003 sitima yoboola pansi pa nyanja yotchedwa JOIDES Resolution inakumba pa Walvis Ridge, kunyanja ya kumadzulo kwa Namibia. Matope anali kutuluka oyera, odzaza ndi tizigoba ta laimu. Kenako pamzere umodzi wooneka bwinobwino, oyerawo anatha, n'kuyamba dongo lofiirira lopanda tizigoba. Chinachitika n'chiyani? Mpweya wa kaboni ukasungunuka m'madzi umapanga asidi, ndipo asidi amadya laimu. Kaboni anachuluka mpaka nyanja inasungunula tizigoba take tomwe. Pamwamba pa dongolo mtundu woyera unabwerera pang'onopang'ono, ndipo James Zachos ndi anzake atawerengetsa mu 2005 anapeza kuti kubwererako kunatenga zaka zoposa 100,000.

Imvani bwino pamenepa. Kuwonongeka kunatenga zaka masauzande ochepa, kuchira kunatenga zaka zoposa 100,000.

Kaboni ameneyu anali matani mabiliyoni masauzande angapo. Za gwero lake akatswiri amaloza kuwiri: mapiri ophulika a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, pamene Greenland inkang'ambika kuchoka ku Ulaya, ndi methane amene anali ataundana pansi pa nyanja n'kusungunuka madzi atayamba kufunda. Pamtunda napo panali zodabwitsa. Ku Wyoming, ku America, mano a tiakavalo takale akusonyeza kuti matupi awo anachepa ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo atatu kutenthako kutafika pachimake. Kumapiri a Pyrenees ku Spain, miyala ikusonyeza kuti mitsinje inayamba kukokolola miyala ikuluikulu, kutanthauza kuti mvula inkabwera mwaukali, nthawi imodzi. Ife amene tinaona za namondwe Freddy mu Malichi 2023 kummwera kwa dziko lino sitifuna kutifotokozera kuti madzi ogubuduza miyala amatani.

Ndiwonjezepo kamodzi, chifukwa ndi kwa anansi athu. Kugombe la Tanzania, ku Kilwa ndi ku Lindi, kuli dongo limene kale linali pansi pa nyanja, ndipo foraminifera zake zinasungika bwino mpaka zimawala ngati zafa dzulo. Paul Pearson ndi anzake, pamodzi ndi akatswiri a ku Tanzania, anakumba kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Tizigoba timeneto tinathandiza kukonza cholakwa chimene chinalipo, choganiza kuti dziko likafunda madera otentha ngati kwathu kuno sasintha kwenikweni. Tizigobato tinasonyeza kuti m'nyengo zofundazo madzi a kunoko ankapitirira madigiri 30. Kutentha kukabwera sikulambalala Afirika.

Mfundo yachitatu: nyanja yathu ino. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pakhomo.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2005, chombo cha Viphya, chimene chinkanyamula mafuta panyanja pano, anachikonza n'kuikapo makina oboolera. Ntchitoyi inkatsogozedwa ndi Christopher Scholz, Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi John King, a m'mayunivesite a ku America. Anakaima pakati pa nyanja chakumpoto kwa Nkhata Bay, pamene madzi ndi akuya mamita 592. Pamenepo nangula sathandiza, ndiye chombocho chinkagwidwa pamalo amodzi ndi mainjini ake usana ndi usiku. Mapaipi anatsika kudutsa madzi onsewo n'kuboola matope mamita ena 380. Matope anatuluka m'mapaipi ali ndondondo monga mmene anagonera, ndipo atawayeza anapeza kuti a pansi penipeni ali ndi zaka pafupifupi 1.3 miliyoni. Mongoyerekeza, mita imodzi ikuimira zaka zoposa 3,000. Zaka zonse zimene tadzilamulira kuyambira 1964 sizikwana ndi kutalika kwa chala chimodzi.

Ndikuona bambo apo akupukusa mutu, ndipo funso lawo ndi labwino: zaka zonsezi anawerenga ndani? Njira zilipo zingapo zimene zimatsimikizirana, koma ndikupatsani chitsanzo chimodzi. Zaka pafupifupi 75,000 zapitazo phiri la Toba ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, linaphulika koopsa. Phulusa la phiri lililonse lili ndi chizindikiro chakechake. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake anapeza tizidutswa ta phulusa la Toba m'matope a nyanja yathu, makilomita oposa 7,000 kuchokera kumene linaphulikira. Pamene pali phulusalo, chaka chake chadziwika.

Tsono anapezamo chiyani? Pamwambapa matope anali akuda, osalala, a madzi akuya opanda mpweya, monga lero. Koma atatsika anayamba kupeza tizigoba ta tizilombo totchedwa ostracod, abale ake a nkhanu, timene timakwawa pansi ndipo sitingakhale popanda mpweya wopuma. Asodzi, ganizani nane. Pamalo pamene lero pali madzi mamita 592, pamene ngakhale kampango safika, pankakwawa tizilombo tofuna mpweya. Ndiye kuti pamenepo panali posaya. Madayatomu nawo anasintha mtundu, n'kukhala a m'madzi osaya, amchere pang'ono, ofanana ndi a ku Chilwa kusiyana ndi a kuno.

Lipoti lawo la 2007 linanena kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa. Madzi anatsika mamita oposa 500, ndipo pa madzi onse a m'nyanjayi, magawo 95 pa 100 anaphwa. Pano tikukhala pano panali pouma gwa. Namalenje sichinali chilumba, chinali chitunda chabe. Munthu akanatha kuyenda wapansi kuchoka pano mpaka tsidya lija kwa Makanjira osanyowetsa phazi. Mungu wa mitengo unachepa m'matopemo, ndipo chimene chimandizizwitsa ine ndi chakuti ngakhale makala anasowa. Dziko linauma mpaka panalibe udzu wokwanira kuti moto wolusa uyende.

Ndipo sizinachitike kamodzi. Mu 2015 atamaliza kuwerenga matope onse, anapeza kuti m'zaka 1.3 miliyoni zimenezi nyanja inatsika mamita oposa 200 maulendo 24, ndipo pa maulendo amenewa, 15 inatsika kuposa mamita 400. Nyanja imene timaiona ngati yosagwedezeka, imene makolo athu anaipeza ndi kuisiya, yakhala ikupita ndi kubwera. Chambo, utaka ndi mbuna zathu, mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, ndi zidzukulu za nsomba zimene zinapulumukira m'thamanda lotsalalo.

Ndinene chilungamo kuti ndisakusokeretseni. Zilala zimenezi sizinabwere chifukwa cha utsi wa munthu. Gwero lake lalikulu ndi kusintha kwa kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, kumene kumasuntha mvula pa zaka masauzande ambiri. Koma phunziro lake ndi lakuti nyanja iyi siichedwa kumva. Madzi ake ambiri satuluka kudzera mu Shire, amauluka ndi dzuwa. Mvula ikachepa pang'ono kapena kutentha kukawonjezeka pang'ono kwa zaka zotsatizana, nyanja imayankha. Matope a pansi pa nyanja yomweyi anasonyezanso kuti kuchokera pa nyengo yozizira yomaliza, zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, madzi a nyanjayi afunda ndi madigiri 3.5. Pa nthawi yomweyo mpweya wa kaboni mumlengalenga unakwera kuchoka pa magawo pafupifupi 190 pa miliyoni kufika pa 280. Kaboni ndi kutentha zinayendera limodzi, kunonso.

Munthu naye ali m'matopemo. Jessica Thompson ndi anzake, amene akhala akufukula zida zamiyala ku Karonga, anaonetsa mu 2021 kuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo mvula itabwerera ndi nyanja kudzadzanso, nkhalango sizinabwerere monga zinkachitira kale. M'malo mwake makala anachuluka. Iwo akuona kuti ndi anthu amene ankatentha tchire. Ngati zili choncho, dzanja la munthu linayamba kalekale kusintha dziko lino.

Mfundo yachinayi: zikutikhudza pati?

Pali anthu, ena ophunzira ndithu, amene amati musatisokose, nyengo inasinthapo kale. Akunena zoona, ndipo ndakhala ndikukupatsani umboni wake. Koma ndinanena poyamba paja kuti amenewa si mawu otonthoza. Inasinthapo kale, ndipo pamene inasintha tizigoba tinasungunuka, mitundu inatha, nyanja inaphwa. Chachilendo lero ndi liwiro. Kaboni wa nthawi ya PETM anatuluka pa zaka zosachepera 4,000. Richard Zeebe ndi anzake anawerengetsa mu 2016 kuti pachaka ankatuluka matani pafupifupi biliyoni imodzi basi. Lero anthu, potentha malasha, mafuta ndi gasi, akutulutsa matani a kaboni pafupifupi mabiliyoni 10 pachaka. Mpweya uja unali pa 280 mafakitale asanayambe, lero wapitirira 420, ndipo kaboni wake ndi wopepuka, chizindikiro chija cha zomera zakufa.

Utsi umenewu wambiri si wathu. Malawi amatulutsa wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera, ndipo atsogoleri athu akamapita kumisonkhano ya nyengo ali ndi chifukwa chomveka cholankhulira mosagonja. Koma zotsatira zake zifika pa doko lino osafunsa kuti wolakwa ndani. Madzi a pamwamba akafunda amapepuka, ndipo mwera umavutika kuwasakaniza ndi a m'munsi. Chakudya chikapanda kukwera, ndere zimachepa, tizilombo todya ndere timachepa, usipa umachepa. Ku nyanja ya Tanganyika, Andrew Cohen yemwe uja ndi anzake anapeza mu 2016, kuchokera m'matopenso, kuti nsomba zinayamba kuchepa pamene madzi anayamba kufunda, usodzi waukulu usanayambe n'komwe. Nyanja ija ndi iyi ndi zapachibale.

Sitifunikanso kubwerera zaka masauzande. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika mpaka Shire analeka kutulutsa madzi. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibe Tedzani, kunalibe Kapichira. Zitachitika lero, magetsi a dziko lino angachokere kuti? Mu 1980 madzi anakwera kwambiri, kenako anatsika, anthu n'kuiwala, n'kumamanga pamchenga. Mu 2024 nyanja inabwerera, ndipo nonse munaona nyumba, mipanda ndi malo ogona alendo zitaima m'madzi kuno ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Madzi saiwala khwawa. Amene amaiwala ndi ife.

Choncho ndili ndi pempho kwa mafumu. Anthu a boma lino adziwa kale kudziletsa lero chifukwa cha mawa. Pachilumba cha Mbenje usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka nyengo ya dzinja molamulidwa ndi Mfumu Makanjira, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo alendo amabwera kudzaphunzira. Nzeru yomweyo igwire ntchito pogawa malo. Pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024 pazikidwe chizindikiro chooneka, ndipo kunsi kwa chizindikirocho pasagulitsidwe puloti, ngakhale wogulayo abwere ndi ndalama zochuluka bwanji. Bango ndi mitengo ya m'mbali mwa Linthipe isiyidwe, pakuti nsomba yopanikizidwa ndi kutentha siingapirirenso dothi lokwirira malo ake oswanirana.

Kwa inu ana asukulu, mawu anga ndi awa. Matope aja anatengedwa pansi pa nyanja yathu akusungidwa ku America, ndipo mayina amene ndatchula lero mwamva nokha kuti ambiri ndi achilendo. Sindikuwadandaula, anagwira ntchito yabwino. Koma mafunso otsala ndi athu: usipa unkatani nyanja ikafunda, mwera unkawomba bwanji, chilala chinkatenga zaka zingati kuti chithe. Maphunziro a miyala ndi nthaka alipo ku Zomba, a nsomba ndi zam'madzi alipo ku Bunda ndi ku Mzuzu, ndipo ofesi yofufuza za nsomba ili pompano pa Senga Bay. Limbikirani masamu, Chemistry ndi Biology. Aphunzitsi, ngati pasukulu panu pali maikulosikopu imene yangotsekeredwa m'kabati kuopa kuti ingawonongeke, itulutseni sabata ino, mutume mwana akatunge madzi panyanja m'botolo, ana aone okha madayatomu ndi maso awo.